Mageti Amene Ndinawachititsa Khungu

Salaamu aleikumu kwa inu amene mumayankha choncho. Enanu a kutchalitchi, mtendere womwewo ukhale nanu. Dzina langa ndine Amidu, kwathu ndi kwa Kawinga, ndipo ntchito yanga ndi yokonza mageti oyenda okha, aja oti ukadina limoti uli m'galimoto, geti n'kutseguka popanda wolikankha. Andipempha kuti ndilankhule za mowa. Ndilankhula, koma ndichenjezeretu kuti mawu ofewa ine ndilibe. Ena akaima pano amamwetulira, amati zonse zinatha, mtima uli mbee. Wanga suli mbee. Ndikadali wokwiya, ndipo mumva amene ndawakwiyira, mmodzimmodzi.

Ndinayamba ngati wowotcherera zitsulo pa Liwonde. Kenako ndinapita ku Joni monga amachitira anyamata ambiri a kwathu, n'kukapezako ntchito kwa anthu oika mageti. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira luso limeneli. Nditabwerako ndi chikwama cha zida, ndinapeza kuti kuyambira pa Ntaja, Liwonde mpaka Balaka, anthu a ndalama ayamba kuika mageti amenewa koma wowakonzera palibe. Likafa geti ankachita kuitanitsa munthu kuchokera ku Blantyre. Posakhalitsa dzina langa linamveka. Amidu wa mageti. Ndinakwatira Zainabu, tinabereka atsikana awiri, ndinagula njinga yamoto.

Kuti mumvetse chimene ndinachita, ndikuuzeni kaye mmene geti limakhalira. Pansi pali njanji, geti limayenda ndi mawilo pamenepo. M'mbali mwake muli mano achitsulo, ndipo mota imaluma manowo n'kumalikoka kapena kulikankha. M'kabokosi ka mota muli batire ndi bolodi, lomwe ndi ubongo wake. Ndiye pa zipilala ziwiri pamakhala timaso tiwiri toyang'anizana. Chinthu chikadutsa pakati pa timaso timeneti, kaya ndi munthu, kaya mbuzi, kaya galimoto, geti limaima n'kubwerera. Popanda timaso, geti lija ndi chitsulo cholemera kuposa ng'ombe, choyenda chosaona. Zimenezi ndinkazidziwa bwino kuposa wina aliyense m'dera lonseli. Musaiwale pamenepo. Sindinachite mosadziwa.

Mowa ndinauyambira ku Joni, ati kuthamangitsa kuzizira. Kuno kwathu kulibe kuzizira koteroko, koma ndinabwera nawo. Poti ndine Msilamu, ndinkamwa mobisa. Lachisanu ndinkavala kanzu yoyera bwinobwino, kuswali pamzere woyamba, potuluka mumzikiti n'kuzungulira kuseri kwa msika kwa mayi wina wophika kachasu. Pobwerera kunyumba ndinkatafuna masamba a gwafa. Zainabu ankangondiyang'ana. Tsiku lina anati, "Bambo a Shakira, gwafa wake ndi wa mtundu wanji wofiiritsa maso?" Ndinamukalipira mpaka ana anabisala kuseri kwa chitseko.

Zinayenda msanga. Kumwa kwa Lachisanu kunasanduka kwa tsiku lililonse. Manja anayamba kunjenjemera m'mawa, ndipo kuti ndigwire bwino chomasulira ndinkayamba ndakhetsa kaye kambale kamodzi. Njinga yamoto ndinagwa nayo pa Mangochi Turn-off, sinadzukenso. Ntchito ya ola limodzi inayamba kundionekera ngati ya chaka, chifukwa mtima unkakhala uli kuseri kwa msika.

Tsono timaso tija timavuta kuno kwathu. Fumbi la Balaka mukulidziwa. Akangaude amamanga ukonde pagalasi pake, nyerere zimalowa m'kati, chipilala chikasuntha pang'ono nthawi ya mvula timaso timasiya kuyang'anana. Zikatero geti limakana kutseka, limangoyenda pang'ono n'kubwerera. Kukonza kwake n'kosavuta koma kumafuna kudekha: kupukuta, kuthamangitsa nyerere, kulunjikitsa pang'onopang'ono uli chogwada padzuwa mpaka kanyali kayake. Koma palinso njira ina imene mmisiri aliyense amaidziwa ndipo mmisiri wamanyazi saichita. Umatenga kawaya kotalika ngati chala, n'kulumikiza malo awiri pa bolodi. Basi. Bolodi limaganiza kuti njira ndi yoyera nthawi zonse. Geti limatseka bwinobwino, mwini wake n'kukuyamika kuti ndiwe katswiri. Mphindi ziwiri zokha. Ndipo njanji ikadzaza mchenga, m'malo moti uyeretse ndi kusintha mawilo, umangowonjezera mphamvu ya mota mpaka pamapeto, kuti chilichonse chimene lakumana nacho lizingokankha.

Panali bwana wina pa Balaka pano, wogula nandolo ndi thonje. Dzina lake sinditchula, osati chifukwa chomulemekeza. Anali ndi mpanda waukulu wosungiramo katundu, geti lake lalitali loti malole awiri n'kudutsa limodzi. Mlonda wake anali a Makwinja, bambo wachikulire wa ku Rivirivi, Mkatolika, munthu wa korona m'khosi. Ndikafika pamenepo ankandipatsa mpando wawo, iwo n'kukhala pa njerwa. Ankanditcha amisiri.

Tsiku limenelo geti linkakana kutseka. Bwana anatuluka muofesi ali thukuta lokhalokha.

"Amidu, ndili ndi katundu wodzaza m'nyumbamu. Geti ili litseke lero."

Ndinati, "Bwana, timaso iti tatha, tikufunika tatsopano. Ndi mawilo omwe adyeka."

"Timaso ta chiyani? Kodi ndilibe mlonda? Iyeyu maso alibe? Chita chilichonse, koma litseke."

Ndikanatha kukana. Ndikanatha kuzimitsa mota kuti azikankha ndi manja mpaka zipangizo zibwere. Koma nthawi inali itakwana kale, kukhosi kunali gwa. Ndinaika kawaya kaja. Ndinakweza mphamvu mpaka pamapeto. Ndinatseka bokosi, ndipo kakiyi komasulira mota, kaja koti magetsi akavuta umatsegula geti n'kumalikankha ndi manja, ndinakaponya m'thumba langa mosaganiza n'komwe. A Makwinja anandiperekeza mpaka pamsewu atandinyamulira chikwama.

Patapita masabata atatu, cham'mawa dzuwa litakwera, lole inatuluka n'kutaya nandolo panjanji. A Makwinja anatenga tsache, anagwada n'kumachotsa kuti geti lisakakamire. Bwana ali muofesi anaona pawindo kuti geti lili pululu, anadina limoti. A Makwinja makutu awo anali olemera kale. Geti linawapeza chakumbuyo, linawagwetsa, linawakankha mpaka pachipilala. Geti labwino likagunda chinthu limabwerera. Langa silinabwerere. Mota inapitiriza kukankha, chifukwa ndi zimene ndinaiuza. Onyamula matumba anathamangira pabokosi kuti amasule, kiyi palibe. Kiyi anali m'thalauza langa, ine ndili kuseri kwa msika. Anachita kuligwetsa getilo ndi migwala. Kuchipatala mwendo wakumanja anaudula pamwamba pa bondo, ndipo chiuno sichinabwererenso m'malo mwake.

Apolisi anandipeza ndili ndi kambale m'manja.

Kukhoti anabwera ndi mmisiri wina wochokera kutali, anaonetsa kawaya kanga atakaika m'kapepala. Kanali kofiira. Bwana uja anaima atavala suti, anagwira buku loyera n'kunena kuti, "Ine za mawaya sindizidziwa. Ndinalemba katswiri, ndinamukhulupirira." Mawu aja oti chita chilichonse anawameza. Ine ndinakuwa mpaka anandikhazika pansi ndi mphamvu. Anandipatsa chaka ndi theka. Bwana anagula geti latsopano sabata yomweyo, analemba mlonda wina, ndipo lero lomwe mukadutsa pamenepo mupeza malole ali ndondondo. Ameneyo ndi woyamba amene ndamukwiyira, ndipo sindinasiye.

Achiwiri ndi abale anga. Atabwera kudzandiona kundende anayamba zoti, "Amidu, akulodza. Ndi amisiri anzako a nsanje, anakuponyera mankhwala kuti manja ako aphe munthu." Amalume anga mpaka anapita kwa sing'anga kutsidya kwa nyanja ya Chiuta. Ndipo ine ndinazikonda nkhani zimenezo! Zinali zokoma ngati uchi. Ndinakhala miyezi yonseyo ndikugona pansi, nsabwe zikundidya, ndikuwerenga adani anga: bwana, woweruza, mmisiri wa kapepala uja, afiti. Dzina langa lokha ndi limene silinkapezeka. Inu amene muli ndi m'bale woledzera, lekani kumufunira mfiti. Mukumupha. Palibe mfiti imene inanditsegula pakamwa n'kuthiramo kachasu.

Tsiku limene ndinatuluka, ndisanafike n'kwathu komwe, ndinamwa. Chaka ndi theka osalawa, tsiku limodzi ndinabwerera pomwe ndinasiyira. Anzanga a kuseri kwa msika, amene sanabwereko ndi chinangwa chomwe kundende, anandilandira ngati ndachokera ku Maka. Amenewo ndi achitatu. Nditafika kwa Zainabu, poti ine ndinali mkamwini pamudzi pawo, ndinapeza zovala zanga zili m'thumba la feteleza pakhonde. Anatuluka, anandinunkhiza ali chapatali, anati, "Ndinakudikirani chaka ndi theka. Mwalephera kundidikira tsiku limodzi?" Analowa n'kutseka chitseko.

Ndinabwerera pa Balaka. Palibe amene akanandipatsanso geti. Mnzanga wina wowotcherera anandilola kuti ndizipanga mbaula ndi kumata makasu pakona pa shedi yake, ndipo ndinkagona momwemo pa makatoni. Swala ndinasiya. Ndevu zinamera ngati tchire. Ndinakhala choncho miyezi yambiri, ndipo aliyense amene ankakhala nane pafupi ndinkamufotokozera za bwana wabodza uja mpaka atatopa.

Tsiku lina lamsika, dzuwa lili paliwombo, ndinali nditakhala pa chitini ndikuwodzera. Ndinaona mapazi a mzimayi ataima patsogolo panga, ong'aluka zidendene, afumbi. Nditakweza maso ndinawazindikira. Ndinawaonapo kukhoti, atakhala kumbuyo. Anali mayi Makwinja.

Sanandipatse moni. Sananditchenso inu.

"Iwe ndiwe wowotcherera?"

Ndinangogwedeza mutu.

"Njinga ya olumala ya amuna anga yathyoka chitsulo cha pansi. Mwezi wathunthu ali m'nyumba, kuchimbudzi ndimachita kuwabereka kumsana. Unathyola mwendo, ukakonze njinga."

Ndinayamba zoti, "Mayi, pepani, zija sizinali ine ndekha, bwana uja..."

"Sindinabwere kudzamva mlandu. Mlandu unatha. Nyamuka."

Anthu a pashedi anasiya kugogoda, onse maso kwa ine. Ndinadzuka. Ndinatenga chikwama, ndinakwera nawo kabaza, iwo yawo ine yanga, mpaka ku Rivirivi. Njira yonse sanatembenuke.

Nyumba yawo inali yaudzu, kuseri kuli dimba lotsikira kumtsinje, lomera thengo chifukwa wolima panalibe. A Makwinja anali pamphasa pakhonde, atatsamira khoma. Anali atachepa ngati mwana. Mwendo wa thalauza anaupinda n'kuumanga ndi luzi. Ine ndinaima pabwalo osadziwa poika maso. Ndinkayembekezera kuti atukwana, ndipo ndinkafuna atukwane, kuti nanenso ndipeze poyankhira.

Iwo anati, "Amisiri, mwafika? Amayi, apatseni mpando."

Mpando uja unandiwotcha kuposa ndende.

Kuwotcherera kwake kunafunika kukachitikira komwe kuli magetsi, ndiye ndinayamba kumasula mabawuti kuti ndichotse chitsulo chothyokacho. Manja ankanjenjemera, sipanala inkagwa pansi. A Makwinja ankangondiyang'ana. Nkhuku zinkadutsa. Kenako anatsokomola.

"Amisiri, ndili ndi funso. Lakhala likundisowetsa mtendere chigonere pano. Ndinauza amayiwa kuti akakuitaneni inuyo, osati wina, chifukwa cha funso limeneli."

Ndinati, "Funsani, bambo."

"Kawaya kaja anaonetsa kukhoti. Kodi munangoika pa geti langa lokha?"

Sipanala inaima m'manja.

Anzanga, kukhoti ndinalumbira kuti kanali koyamba. Loya sanafunse zambiri, apolisi sanafufuze. Ndipo ine ndinakankhira nkhaniyo pansi penipeni pa mtima, ndinaiphimba ndi mkwiyo, pamwamba pake n'kuthirapo kachasu. Koma pakhonde paja, pamaso pa munthu wa mwendo umodzi, mageti aja anayamba kubwera m'mutu limodzilimodzi. La malo ogona alendo pa Liwonde. La nyumba ya sing'anga wa ziweto. La mwenye wa sitolo. Awiri a pa Ntaja. Ndi lina.

Ndinati, "Iyayi."

"Angati?"

"Asanu ndi limodzi."

Mayi Makwinja anali pakhomo ndi lichero. Analiika pansi pang'onopang'ono.

"Akuyendabe?"

"Sindikudziwa."

"Simukudziwa," anatero a Makwinja. Sanakweze mawu. "Zaka ziwiri zapita ndi miyezi pamwamba, simukudziwa. Ali kuti?"

Ndinawatchula. Pomaliza ndinati, "Lina lili pasukulu ya mkaka, pa Liwonde."

Apa ndi pamene mayi aja anaphulika. Anandifika pafupi mpaka malovu awo ankandigwera kumaso. "Mwana wa munthu iwe! Wakhala ukudya, ukugona, ukuledzera, ukudziwa kuti chilombo chako chikuyenda pakati pa tiana? Amuna anga anali wamkulu, mafupa olimba, taona chimene chinatsala! Nanga kamwana? Kamwana kangatsale chiyani?" Anatola chitsulo cha njinga chija, ndimaganiza kuti andiphwanya nacho mutu, ndipo sindikanaletsa. Anachiponya pansi.

A Makwinja anati, "Siyani njingayi. Ine ndadikira mwezi, ndidikirabe. Pitani."

Wachinayi amene ndamukwiyira ndi ameneyo, amene anathamanga kuchoka pakhonde paja, ineyo. Ameneyu ndamukwiyira kuposa onse. Bwana uja ananama kamodzi kukhoti. Ine ndinanama tsiku lililonse kwa zaka ziwiri, uku ndikudzitcha wolakwiridwa.

Ndinafika pa Liwonde ana akuweruka. Geti linali lomwe lija, lopakidwa utoto wachikasu ndi zithunzi za njovu. Linkayenda. Batire anasinthapo, koma m'bokosi munali momwe ndinasiyira. Tiana titatu tinali titakwera pachitsulo cha pansi, tikuseka, geti likuwatenga ngati sitima. Kena kanali katakhala panjanji kakuvala nsapato. Ndinalowa ngati wamisala, ndinathyola chivindikiro cha bokosi ndi chomasulira, ndinazula waya wa batire ndi wa magetsi. Geti linaima. Kawaya kanga kanali pomwepo, kofiira, akangaude atamangapo.

Mwini sukulu, mayi wa magalasi, anatuluka akukuwa kuti wakuba. Ndinamuonetsa kawayako n'kumuuza zonse, kuti ndine ndinaika, kuti geti lake lakhala lakhungu nthawi yonseyi, ndi zimene geti lotere linachita kwa a Makwinja. Anandimenya mbama pamaso pa makolo. Kenako anakhala pansi pafumbi. Mbama imeneyo sindinaidandaule.

Masiku awiri otsatira ndinazungulira otsalawo. Sindinapite kukakonza, manja anga sakanatha. Ndinapita kukazimitsa ndi kukaulula. La sing'anga wa ziweto linali litapsa kale ndi mphenzi. La mwenye, mmisiri wina anali ataona kawayako n'kukachotsa, ndipo mwenyeyo anandithamangitsa ndi agalu ndisanamalize kulankhula. La malo ogona alendo linali litaphwanyapo chitseko cha galimoto ya mlendo, eni ake n'kumuchotsa ntchito mlonda poganiza kuti ndiye anadina molakwa. Munthu ameneyo ndinamufunafuna, sindinamupeze mpaka lero. Pa Ntaja wina anandimvetsa, wina anakana kuti ndizimitse, ati geti lake likugwira bwino ntchito ndipo sangamvere chidakwa. Ndinakhala pansi panjanji pake n'kunena kuti aitane apolisi, ine sindichoka. Ataona anthu akusonkhana anandipatsa kiyi wa bokosi, ndinalizimitsa.

Tsono za mowa, poti ndi zimene mwabwerera. Musayembekezere kuti ndinena kuti chilakolako chinathawa tsiku lomwelo. Bodza. Nditachoka pa Ntaja paja ndinamwa. Koma m'mawa mwake ndinapita kuchipatala, n'kumuuza dokotala zoona, kuchuluka kwake ndi zaka zake. Anandiuza kuti munthu amene wafika pomanjenjemera asasiye payekha m'nyumba, angathe kukomoka ngakhale kufa, ndipo anandithandiza masiku oyambawo. Imvani zimenezo, inu amene manja ayamba kuvina. Si umuna kudzitsekera m'chipinda.

Nditatuluka m'chipatala ndinachoka pa Balaka. Ndinapita kwa achimwene anga ku Chiuta, amene amayanika nsomba, ndinakhalako miyezi itatu ndikutembenuza nsomba pathandala. Kumenekonso mowa uliko, musadzinamize, koma kunalibe anzanga aja, ndipo achimwene ndi munthu wosaseka. Ndinawauza kuti, "Mukandiona ndikulowera kumene simukukudziwa, mundifunse pagulu." Anandifunsadi kawiri, pagulu, ndipo ndinachita manyazi okwanira. Ndinabwerera kumzikiti, koma ulendo uno ndinakhala kumbuyo. Ndinapita kwa shehe n'kumuuza kuti zaka zonse zija ndinkaswali ndi kachasu m'mimba. Sanadabwe. Anati ankamva fungo. Ndinamufunsa kuti, "Nanga bwanji simunanene?" Nayenso ndinamukwiyira pang'ono.

Manja atakhazikika ndinayamba ndi njinga ya a Makwinja. Ndinaiwotcherera, ndinasintha mawilo, ndinaika khushoni. Ndinalambula dimba lawo n'kubzala. Kenako ndinabwerera ku mageti aja, kwa amene anandilola, n'kuika timaso tatsopano. Mayi wa sukulu uja anakana kuti ndilikhudzenso geti lake. Anachotsa mota yonse, akukankha ndi manja mpaka pano, ndipo ndikuti anachita bwino.

Ntchito inabwerera pang'onopang'ono, osati ngati kale. Ena akamva dzina langa amatseka foni. Amene andiitana ndimayamba ndawauza mbiri yanga ndisanatsegule chikwama, kuti asadzaimve kwa ena. Ndimawaphunzitsa alonda awo kusesa njanji geti litazimitsidwa, kupukuta timaso sabata iliyonse, kuyang'ana nyerere ndi abuluzi m'bokosi. Kiyi womasulira ndimamupereka m'manja mwa mlonda, osati bwana, ndipo sindichoka mpaka mlondayo atamasula yekha ine ndikuona. Mabwana a chita chilichonse akadalipo ambiri. Mwezi wathawu wina anandiuza mawu omwe aja. Ndinatseka chikwama n'kumuuza kuti akafune wina, ndipo akamupeza andiuze dzina lake kuti ndikamufotokozere za ku Rivirivi. Kuseri kwa msika sindidutsako, ngakhale njirayo ndi yachidule. Ndimazungulira.

Zainabu sanandibwerere. Amandilola kuona ana, ndipo Shakira wayambanso kunditcha ababa. Nthawi ina ndinamufunsa Zainabu ngati pali chiyembekezo. Anati, "Musandifunse. Muzingochita zimene mukuchitazo, ine ndili ndi maso." Ndasiya kufunsa.

A Makwinja anamwalira chaka chatha nthawi yokolola. Chiuno chija chinkawavutabe, zilonda zogonera zinawalowa. Ndinapita kumaliro, ndinakumba nawo manda pamodzi ndi adzukulu ngakhale ndine wa chipembedzo china. Anthu ena ankanong'onezana, ena anandilozera ndi milomo. Titakwirira, ndinapita pamene anakhala mayi Makwinja, ndinagwada chapatali. Ndinati, "Mayi, bambo aja sindinawafunsepo ngati anandikhululukira. Ndinkaopa. Kodi ananenapo kanthu?"

Anandiyang'ana, maso ouma.

"Iwo anakukhululukira kalekale, anali munthu wotero. Ine iyayi. Ndikakuona ndimaona msana wanga uwu ndi zaka zimene ndinawabereka. Usadzandifunsenso." Anakonza mpango wawo kumutu. "Koma njinga ija ili bwino. Kutsidya kwa mtsinje kuli mtsikana wopuwala miyendo, amakwawa popita kusukulu. Ndi yaikulu kwa iye. Ubwere Lachiwiri udzaichepetse."

Ndinapita Lachiwirilo.

Inu amene mwakhala apa, sindikudziwa ntchito zanu. Wina ndi dalaivala, wina amamanga nyumba, wina amalumikiza magetsi m'nyumba za anthu, wina amangolera ana. Mukuganiza kuti mowa wanu ukuwononga chiwindi chanu chokha, ndiye mumati thupi ndi langa. Ine chiwindi changa chili bwino, dokotala anandiyeza. Miyendo yanga yonse iwiri nayi, ndabwera nayo pano wapansi. Amene analipira anali munthu amene sanalawepo kachasu moyo wake wonse, amene ankandipatsa mpando wake. Ndiye musatuluke muno mukuganiza za Amidu. Ganizani zimene munagwira ndi manja onjenjemera n'kuzisiya kwa anthu, mabuleki, denga, waya wa m'khoma. Mukuzidziwa, ndaona ena mwagwetsa nkhope. Dzuwa likadalipo. Pitani lero.